Masiku Amene Tinaima pa Wovwe

Ndinapita ku Karonga ndili mnyamata, dalaivala wa boma wongolembedwa kumene, ndikuganiza kuti ndikakhalako pang'ono n'kupempha kuti andisinthe. Ndinachokako imvi zili mbuu. Kumeneko ndinakwatira mkazi wa Chinkhonde wa ku Kaporo, tinabereka ana awiri, ndipo kuseri kwa nyumba yathu ku Kaporo komweko, pakati pa nthochi, ndi komwe tinaika mwana wathu woyamba, Lusubilo, atadwala malungo ali ku sekondale. Mlongo wake anakwatiwa ku Lilongwe. Mpaka lero ine ndine bambo a Lusubilo, mkazi wanga ndi amake Lusubilo. Mayina athu enieni amamveka kuchipatala kokha.

Nditapuma pa ntchito ndinalibe maganizo obwerera kwathu ku Dowa. Anandisintha maganizo ndi madzi osefukira. Chaka china analowa m'nyumba kulekeza m'mawondo, tinakolopa matope n'kupitiriza moyo. Chaka chotsatira anagwetsa chipupa cha kuchipinda, tinakagona masabata angapo m'kalasi pa sukulu ya pulayimale pamodzi ndi mabanja ena. Apo ndi pomwe mlongo wanga Nachisale, amene amasunga mudzi wathu, anayamba kuimba foni pafupipafupi. Ankati munda wa mayi ulipo, malo omanga nyumba alipo, ndibwere mphamvu ndikadali nazo. Nditawauza amake Lusubilo anangoti, "Mmene mwaonera." Ine ndinatenga mawu amenewo ngati kuvomera.

Chotisamutsa chinalipo kale pakhomo, kungoti sichinkayenda. Inali galimoto yakale yokoka ndi matayala onse anayi, ya mtundu womwe ndinkayendetsa ndili pa ntchito, yomwe ndinagula pa okushoni boma likugulitsa zakutha. Inakhala zaka pansi pa mtengo wa mango, itakwera pamiyala, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Injini yake inali bwino. Chomwe chinafa chinali kunsi.

Ntchito yoidzutsa ndinagwira ndi mnzanga a Mwakyusa, makaniko wopuma amene tinadziwana kugalaja ya boma. Ekiselo yakutsogolo, chitsulo chomwe chimanyamula matayala, inali yopindika. Ina tinakaipeza kutsidya kwa Songwe, ku Kyela, pa galimoto yomwe inagubuduzika, ndipo inafika pakhomo pa ngolo ya ng'ombe ngati mtembo wa mfumu. Tinaimasula yonse, kutsuka mabelingi ndi dizilo m'beseni la amake Lusubilo, zomwe sanandikhululukire msanga. Masipuling'i akumbuyo tinawaphwasula chitsulo chimodzichimodzi, kupala dzimbiri, n'kuwonjezerapo zitsulo zina kuti galimoto ikwere m'mwamba pang'ono ndi kupirira katundu. Mabushi a labala ena tinagula, ena tinasema pa tayala lakale la lole. Chiwongolero chinali cholobodoka moti unkachizunguliza pafupifupi theka matayala asanamve kanthu. Bokosi lake tinalitsegula kawiri chisanayambe kumvera.

Chimodzi chokha sitinapeze. Kutsogolo kuli chitsulo chomwe chimalumikiza matayala awiri kuti azikhota limodzi, timachitcha tayirodi, ndipo chili ndi mutu mbali iyi ndi mbali iyo. Mutu umodzi tinaupeza watsopano. Winawo tinaufuna ku Karonga konse osaupeza. Tinaugwedeza wakalewo, ine kugwedeza, a Mwakyusa kugwedeza, tinauthira girisi, tinagwirizana kuti ku Dowa ukafika.

Tinanyamuka mvula itatha, anthu akukolola mpunga. Tinapakira bedi, mipando, malata omwe tinapulumutsa, matumba a mpunga, ndi njinga yanga pamwamba. Chomaliza kukwera chinali thumba lonyowa lomwe amake Lusubilo anakulungamo mbewu za nthochi. Analiika okha pakona, n'kundiuza kuti pasatsamire kanthu. Amayi a kumpingo anabwera kudzatiimbira nyimbo. Mkazi wanga sanalire. Anagwirana chanza ndi aliyense akuthokoza m'Chinkhonde, "Ndaga, ndaga," n'kukwera. A Mwakyusa anakhala kumapeto, cha kuchitseko, poti nawo anali ndi ulendo wa ku Mzuzu kukaonetsa diso lomwe linayamba ng'ala.

Pa boma pa Karonga tinapeza mzere wa dizilo wautali mpaka kukhota pa msewu wa kumsika. Tinkakankha galimoto pang'onopang'ono kuopa kuwononga otsalawo. Anthu a pamzere anatizungulira, ena kusuzumira kunsi, ena kufunsa ngati tikukaisiya ku myuziyamu pamodzi ndi mafupa a nyama zakale zija. A Mwakyusa ankawayankha m'Chinkhonde, anthu n'kumaseka. Pamene timathira mafuta dzuwa linali litafika kale pamutu. Tinadya nthochi zootcha ndi kanyenya, n'kulowa msewu wa kummwera.

Sindidzaiwala mmene galimotoyo inkayendera kuchokera pa boma kudutsa Mlare mpaka Ngara. Munthu amene sanagwirepo sipanala sangamvetse. Chinthu chomwe chinali khola la nkhuku chinkamvera dzanja langa. Ndikakhotetsa pang'ono, nayo inkakhota pang'ono. Pa maenje inkadumpha mouma chifukwa cha masipuling'i owonjezera aja, amake Lusubilo n'kumagwira denga, koma katundu sankagunda pansi. A Mwakyusa anatseka maso, akumvetsera phokoso lililonse la kunsi, n'kumangogwedeza mutu. Tonse awiri tinali ngati ana.

Titadutsa Nyungwe, tikuyandikira Wovwe, panali malo omwe phula linadyeka m'mphepete. Kutsogolo kunkabwera lole yamafuta, pakati penipeni pa msewu. Ndinachepetsa liwiro n'kutsitsira tayala lamanzere m'mphepetemo. Linagwera m'dzenje lomwe sindinalione. Ndinamva kuti "tho!" kunsi, ndipo chiwongolero chinapepuka m'manja mwanga. Ndinakhotetsera kumanja, galimoto inapitabe kumanzere. Ndinaponda buleki. Inatsetsereka mwaulesi, ngati ng'ombe yotopa ikufuna pogona, mpaka mphuno yake inakalowa m'ngalande ya madzi othirira mpunga.

Ndinazimitsa injini. Kenako a Mwakyusa anafunsa ngati tonse tili bwino. Amake Lusubilo anali atamenyetsa chigongono pa giya, koma anati palibe kanthu. Titatsika tinaona tayala limodzi likuyang'ana kunyanja, linzake likuyang'ana kumapiri. Mutu wakale uja unali utazuka. Palibe amene analoza mnzake chala, poti ine ndi a Mwakyusa tonse tinaugwedeza ndipo tonse tinauvomereza. A Mwakyusa anangoti zikanachitikira pa chitunda cha Chiweta, bwenzi anthu akutitola m'munsi. Ndinayang'ana mkazi wanga akupukuta matope pa chitenje.

Anthu okolola anabwera akuthamanga, zikwakwa zili m'manja. "Pepani, pepani chomene." Tinatsitsa katundu yense pamsewu, wina anabwera ndi ng'ombe ziwiri zapagoli, tinamanga tcheni kumbuyo. Ng'ombe zikukoka, amuna awiri ankawongola tayala lomasuka lija ndi manja, mpaka galimotoyo tinaifikitsa pansi pa mtengo wina pafupi ndi golosale. Mwayi wake, mkulu wake wa amake Lusubilo anakwatiwa komweko ku Wovwe. Alamu angawo, amake Tionge, atamva anabwera ndi ngolo kudzatenga katundu ndi alendo omwe anali atatsanzikana nawo kale pa foni.

A Mwakyusa anakwera minibasi ya ku Mzuzu, mutu wothyokawo uli m'thumba la jekete kuti akaonetse kwa ogulitsa. Kondakitala anawatchaja mtengo wa munthu wochokera ku Karonga ngakhale anakwerera pakati pa njira, ndipo minibasi inanyamuka akukanganabe. Ine ndinatsala ndi kudikira.

Kudikira pamsewu kuli ndi ntchito zake. M'mawa ndinkachoka kwa alamu, n'kukakhala pa benchi ya pagolosale, maso ali kummwera. Minibasi iliyonse ikamachepetsa liwiro ndinkaimirira. Zambiri zinkangotsitsa amayi a mabeseni a usipa n'kupitirira. Mwini golosale, mayi wonenepa wolankhula Chitumbuka chothamanga, anayamba kundipatsa tiyi osafunsa. Ndinaphunzira nkhope za a kabaza onse, ndi galu wa mwendo umodzi wolumala amene ankagona pansi pa galimoto yanga.

Mutu watsopano unafika mawa lake madzulo, utakulungidwa m'nyuzipepala. Ndinagona pansi pa galimoto mosangalala, ndinaulowetsa mutuwo pa tayirodi, ndinapotokola. Sunagwire. Ndinapukuta, ndinayesanso. Ndipamene ndinazindikira. Mitu iwiriyi imafanana ngati mapasa, koma mazinga ake ndi osiyana: wina umamangira kumanja, wina kumanzere. Anatitumizira wa mbali yomwe inali yabwino kale. Nditaimba foni, a Mwakyusa anati diso lawolo lawapusitsa, ndipo wogulitsayo naye sanayang'anitsitse. Anati mawa akawachita opaleshoni, koma apempha mphwawo kuti akasinthe ndikaubweza. Ndinaupereka kwa dalaivala wa minibasi ina, n'kubwerera pa benchi.

Tsiku lotsatira kunabwera bambo wina wogula mpunga, wa ku Mzuzu, wovala jekete lachikopa. Anazungulira galimoto kangapo, anagwada kuyang'ana masipuling'i, anafunsa amene anagwira ntchitoyo. Anati galimoto zake zimalephera kulowa kumunsi kwa sikimu ya mpunga nthawi ya matope, ndipo yotereyi ndi yomwe akufuna. Anatchula mtengo womwe unandidabwitsa. Ndinamuuza kuti ndiyenera kukafikitsa kaye katundu ku Dowa, iye anati adikira. Zoona zake n'zakuti kugulitsa ndinkakuganizira kale. Ndinkati tikafika, galimotoyo isanduke njerwa ndi simenti.

Ndinabwerera kwa alamu masana kuti ndikauze mkazi wanga. Ndinamupeza kudimba kuseri kwa nyumba, ali ndi khasu. Thumba lonyowa lija linali lotsegula, ndipo mbewu zina za nthochi zinali zitadzalidwa kale m'mphepete mwa ngalande.

"Amake Lusubilo, nthochizi si timapita nazo ku Dowa?"

"Zayamba kufota," anatero osaweramuka. "Zina zipite, zina zitsale kwa akulu anga. Kwanu kukazizira zikafa, ndidzapeza potenga."

Ndinati nthochi zili paliponse, ngakhale ku Dowa tikhoza kupempha. Anaimika khasu. Anandiuza kuti zimenezi anakumba pa phata lomwe lili kumutu kwa manda a Lusubilo, ndipo madzi akadzabweranso ku Kaporo sakudziwa ngati phatalo lidzatsale. Ine m'mawa wonyamuka uja ndinali pansi pa galimoto ndikumanga manati. Sindinaone komwe anapita ndi khasu.

Ndinatembenukira ku nkhani ya wogula mpunga uja. Ndinatchula mtengo wake. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kufunsa modekha, ngati akufunsa za mchere.

"Mukaigulitsa, ine ndikadzafa mudzandinyamula pa chiyani?"

Ndinayesa kuseka, koma iye sankaseka. Anakhala pa mzere wa mbatata n'kulankhula nthawi yaitali, mwina kuposa mmene analankhulira chaka chonsecho. Anati sakukana kupita. Munthu amene wakhala pakati pa abale a mkazi wake zaka zonsezi, kudya mbalagha, nthochi zawo zophika ndi nyama, kuphunzira kupereka moni wa eni ake, kuika maliro a anthu osakhala amtundu wake, osadandaula, ayenera kutsatidwa naye akafuna kwawo. Anati akalima munda wa apongozi ake ndi mtima umodzi. Koma kukagona m'manda a ku Dowa, mwana ali yekha ku Kaporo, chimenecho sangathe. Anati wakhala akuwerengera mtunda, ndipo akudziwa mmene anthu amachitira maliro akagwa kutali: amayang'ana mtengo wa galimoto yahayala, n'kunena kuti dothi ndi limodzi.

"Bwanji simunanene tili kunyumba?" ndinafunsa.

"Munali osangalala ndi zitsulo zanu. Komanso ndimati ndinene tikafika. Koma dzana m'ngalande muja ndinaona kuti munthu akhoza osafika."

Anatolanso khasu. Kenako anawonjezera kuti za ine sakufunsa, poti ndili ndi abale anga ndipo ali ndi mawu pa ine.

Masiku otsatirawo benchi ya pagolosale inali ina. Ndinkayang'anabe kummwera, koma maganizo anali kumpoto. Ndinakumbukira tsiku lomwe tinaika Lusubilo. Abale anga anafika mwambo utatha chifukwa basi inawafera pa Jenda, ndipo amene anandigwira mkono pamanda anali a Mwakyusa ndi amalume ake a mkazi wanga. Ndinayesa kukumbukira manda a kwathu, msitu uja wa kumunsi kwa mudzi komwe kuli mayi ndi agogo. Ndinapeza kuti ndikukumbukira mitengo yake, koma njira yolowera sindikuikumbukira. Kwathu mwamuna amakagona kwa amayi ake. Ndinakula ndikudziwa zimenezo ngati mmene ndimadziwira dzina langa. Sindinaganizepo kuti tsiku lina lidzakhala funso.

Mutu woyenera uja unachedwanso. Mphwawo wa a Mwakyusa anaupereka kwa kondakitala amene anagona tulo, minibasi n'kudutsa pa Wovwe osaima. Unakagona ku Karonga, n'kubwerera mawa lake pa minibasi yomweyo, kondakitala akupepesa uku akupempha ya fanta. Wogula mpunga uja anabweranso tsiku lomwelo. Ndinamuuza kuti galimoto sikugulitsidwa. Anaonjezera mtengo, poganiza kuti ndi nkhani ya ndalama. Ndinamuthokoza n'kumuuza kuti ili ndi ntchito ina.

Kumanga mutu watsopano sikunavute. Chovuta ndi kuwongola matayala kuti ayang'ane kumodzi, apo ayi galimoto imakokera mbali n'kudya matayala. Popanda makina timagwiritsa ntchito chingwe, ndipo pamafunika anthu awiri. Amake Lusubilo anabwera ndi chakudya changa, ndiye ndinawapempha. Anagwira chingwe pa tayala lakumbuyo, ine ndikuchikoka kudutsa lakutsogolo, kuyang'ana mpata, kulowa pansi kupotokola tayirodi, kutulukanso. Tinabwereza kambirimbiri. Kenako ndinawakweza pampando wa dalaivala kuti azigwedeza chiwongolero uku ndi uku ine ndikuyang'ana kunsi. Zaka zonse zomwe ndinayendetsa galimoto, aka kanali koyamba kuti agwire chiwongolero. Anati n'cholemera kuposa mmene chimaonekera. Ndili pansi pomwepo ndinawauza kuti wa mpunga uja ndamubweza. Chiwongolero chinaima pang'ono, kenako chinayambanso kugwedezeka.

Tinanyamuka m'mawa, alamu atationjezera thumba la mpunga watsopano ngati kuti katundu anali wochepa. Pa Uliwa ndinaima kuyang'ana nati ya mutu watsopano uja. Pa Chitimba ndinaimanso. Chitunda cha Chiweta ndinachikwera ndi giya yoyamba ndi yachiwiri, manja onse pa chiwongolero, malole akutipitirira potsika mabuleki akununkha. Pa kona iliyonse ndinkamvetsera kunsi. Mkazi wanga ankang'ung'udza nyimbo ya kumpingo, ndipo anasiya titafika pamwamba.

Ku Mzuzu tinagona kwa mphwawo wa a Mwakyusa. Mnzangayo anatuluka diso limodzi lili ndi bandeji, ndipo asanatipatse moni bwinobwino anagwada pa tayala, n'kulowetsa dzanja kukapapasa natiyo ndi pini yake. Anati ndamanga bwino. M'mawa potsanzikana anandigwira dzanja nthawi yaitali, nati sakudziwa ngati tidzaonanenso. Ndinawauza kuti tidzaonana, ndipo asataye masipanala awo.

Kuchokera apo msewu unali wautali chabe. Ku Chikangawa kunali nkhungu ndi chisanu, amake Lusubilo anafunda bulangete lomwe tinakutira wailesi. Pa Jenda apolisi anafuna kuona pansi pa matumba, tinamasula zingwe n'kumanganso. Kasungu tinangothira mafuta. Pa Mponela tinasiya phula n'kulowa msewu wafumbi wokhala ndi migula yomwe mvula inasiya, ndipo pamenepo galimoto inaonetsa chomwe tinaikwezera m'mwamba.

Nachisale anatilandira ndi nthungululu. Anakumbatira mlamu wake, anatipatsa nyumba ya mwana wake kuti tiyambe takhalamo. Kutacha anatitenga kukationetsa malo. Anayamba ndi munda wa mayi, kenako pomwe tingamange, kenako chitsime. Pobwerera tinadzera kumunsi kwa mudzi, ndipo anaima n'kuloza msitu uja ndi chibwano. Anati mtima wake wakhala pansi tsopano, poti ankaopa kuti mlongo wake yekhayo adzatayika kuchilendo, koma pano adzagona pafupi ndi mayi.

Ndikanatha kungokhala chete, n'kusiya nkhaniyo kuti idzavute ena ine kulibe. Mkazi wanga anali kumbuyo kwathu, akuyang'ana pansi.

"Achemwali," ndinatero, "tabwera kudzakhala, ndipo tikhala. Koma tsiku likadzafika, kaya ayambe ndi amake Lusubilo kaya ndiyambe ndine, mudzatiperekeze ku Kaporo. Mwana wathu ali kumeneko. Ndikunena lero tonse tili moyo kuti pasadzakhale mkangano."

Nachisale anayang'ana ine, anayang'ana mlamu wake, n'kuyamba kuyenda. Tinamutsatira njira yonse, kudutsa m'minda ya fodya yokololedwa kale. Ndinkadziwa kuti ndamulasa, ndipo kuti nkhaniyi idzafika kwa amalume ndi kwa ena onse, ndipo sidzatha tsiku limodzi. Titafika pabwalo anaima pafupi ndi galimoto, yomwe inali ikadali ndi matope a ku Wovwe m'mphuno. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kugogoda boneti ndi chala.

"Ndiye chigalimoto chanuchi muzichisamala, achimwene," anatero. "Ku Karonga n'kutali, ndipo ine pa lole sindidzakwera."